Batire la Rebecca

— Halo?

— Halo. Kodi ndi ku galaja ku Mzuzu? Ndimafuna a Percy, aja a zamagetsi.

— Ndi amene mukulankhula nawo. Ndani mnzanga?

— Alamu, mpaka mawu anga mwawaiwala? Ndine Keziah, ku Nkhata Bay.

— Keziah. Pepa, ukumveka ngati ukulankhulira m'ndowa. Takweza mawu pang'ono. Mwe uli kunyanjako?

— Zaka zonsezi mutakwatira kwathu, Chitonga chanu chikadali cha mlendo wotsika sitima dzulo. Tiyeni tizingolankhula chakwanu. Tili bwino, Mulungu akutisunga. Kaya inu ndi achemwali anga?

— Tadzuka. A Ellen mwendo uja ukuwavutabe kukazizira, koma ku Umanyano wa amayi a mpingo sajomba. Akuti kupuma akapumira kumwamba.

— Ndi mmene alili. Nanga ana?

— Ana ali bwino. Wamkulu uja mawu asintha, tsopano akuyimba besi ku kwaya. Nanga amuna ako a Lawrence? Ndi kamwana kathu Jane?

— Jane ali bwino, mano akutsogolo aguluka onse. A Lawrence nawonso ali bwino. Ali bwino kwambiri masiku ano.

— Tithokoze Ambuye. Usipa ukupezeka?

— Ukupezeka, koma mwera wativuta sabata yatha. Dzulo ndi lero ndiye kwachita bata.

— Ukuyimbira pati? Ku positi?

— Ayi, pa ofesi ya Dolly, msuweni wathu wotayipa uja. Abwana ake apita ku msonkhano wa Chipani, ndiye wandilowetsa. Waima pakhomo akuyang'ana kumsewu. Opareta wandidikiritsa mpaka ndinayamba kusinza, ndiye ikaduka musadabwe.

— Ndiye tisachedwe. Kwagwanji? Si maliro?

— Si maliro. Ndimangofuna kufunsa za mawaya aja munatimangira m'boti pa Khirisimasi.

— Avuta?

— Sanavute. Ndikungofuna ndimvetse mmene amagwirira ntchito.

— Iwe Keziah? Uja unkakhala kwathu uli pasukulu, babu likapsa unkagona mumdima kuopa kuligwira?

— Munthu amakula, alamu. Tandiuzani.

— Chabwino. Injini yaikulu ikamayenda imapanga moto. Motowo umayamba walowa m'batire loyatsira injiniyo. Ndiye pali swichi pansi pa benchi. Akaitembenuza, moto umapitanso m'mabatire awiri a kainjini kaja kopanda phokoso, kamene malume awo a Lawrence anabwera nako ku Joni.

— Kokokera mbedza za ncheni kaja.

— Komweko. Popita kunyanja mabatire amadzadza, akafika amazimitsa injini yaikulu, nkumayenda pang'onopang'ono ndi kainjiniko nsomba osathawa. Basi. Palibe zaufiti.

— Nanga waya wautali uja, wa zopanira ziwiri, chofiira ndi chakuda?

— Umenewo ndi wa alendo. A Lawrence anandipempha okha. Anati kwanu ku Chikale kulibe magetsi, anthu amanyamula mabatire a wayilesi mpaka ku boma kukatchajitsa, pamene injini yawo ikungotaya moto panyanja. Ndinaona kuti ndi mtima wachikhristu.

— Eya. Mtima wachikhristu.

— Wati chiyani? Lamya ikulira ngati mukuwotcha chimanga.

— Ndati, kodi batire la mlendolo silitopetsa injini?

— Ayi.

— Ngakhale tsiku ndi tsiku?

— Ngakhale tsiku ndi tsiku. Injini imeneyo ndi yamphamvu.

— Nanga petulo? Silidya petulo?

— Kadontho chabe. Sungakaone nkomwe.

— Koma mabatire athu awiri aja sakhuta bwino pakakhala lina lowalanda. Si choncho?

— Amakhuta, amangochedwerako pang'ono. Keziah, ukufuna ndinene chiyani kwenikweni?

— Ndimati mwina mungawalembere a Lawrence, kapena ndikawauze ine kuti mwanena inu, kuti waya wa alendowo auchotse. Kuti ukuwononga injini. Inu amakumverani.

— Ndine mkulu wa mpingo, mlamu wanga. Undinamizitse chifukwa cha waya?

— Si bodza lalikulu.

— Bodza laling'ono sindinalionepo m'Malamulo Khumi. Batire lake ndi la yani?

— Ambiri amabweretsa. Aphunzitsi a Mhone amabweretsa. A Simon a sitolo amabweretsa.

— Ndafunsa la yani.

— La Rebecca.

— Rebecca uti?

— NyaManda. Uja amuna ake anafera ku mgodi chaka chapitachi. Amakhala kuphiri, kumtunda kwa Chikale. Munamuona ku tchalitchi, amayimba alito, wamtali, wa mpata m'mano.

— Ndamukumbuka. Anayimba bwino tsiku lija.

— Ngakhale inu.

— Ndangoti anayimba bwino.

— Aliyense amangoti anayimba bwino. Amuna ake anamusiyira wayilesi yaikulu ya kaseti, ya masipika awiri, yoyendera batire la galimoto. Ndiye tsiku lina titatuluka m'tchalitchi anawaimitsa a Lawrence, ine ndili pomwepo, nkunena kuti nyumba yake yakhala chete chimwalirire bambo, kuti akanakonda kumamverako nyimbo za Mulungu madzulo. Ananena akuyang'ana pansi, mawu ake onga a mwana wodwala. A Lawrence sanadikire kuti amalize. Anati batirelo akalitenga okha.

— Nanga cholakwika nchiyani? Tinalamulidwa kuyang'anira amasiye.

— Boazi nayenso anayamba ndi kumusiyira wamasiye ngala m'munda. Mathero ake mukuwadziwa.

— Boazi sitimva kuti anali ndi Keziah kunyumba.

— Ndiye vuto lakelo. Alamu, mverani. Aphunzitsi a Mhone batire lawo amabweretsa okha, amadzatenga okha. A Simon amatuma wantchito ndi wilibala. Koma la Rebecca limakwera phiri paphewa pa amuna anga. Munthu amene kunyumba ndowa ya madzi sanaigwirepo, amati msana. Msanawo ukafika pa batire la Rebecca umachira.

— Mwina akuona kuti mayiyo alibe womunyamulira.

— Ali ndi alongo ake awiri, amuna amphumphu, amangokhala pa bawo. Ndipo si kunyamula kokha. Mukanaona mmene amalisamalira. Amalipukuta ndi kansalu. Mitu yake amaipala ndi mpeni mpaka kuwala. Madzi a mvula amene ndinatchezera ine m'botolo, a mabatire athu, anathira m'menemo. M'boti amalifunditsa chiguduli kuti lisanyowe. Ine ndinadwala malungo mwezi wa Febuluwale, bulangete ndinadzifunditsa ndekha.

— Keziah.

— Wayilesi yathu ya kunyumba mabatire ake anatha kalekale. Ndikanena amati mawa. Ndiye madzulo ndimakhala pakhonde, nyimbo zikutsika kuphiri kuchokera kwa Rebecca, moto wake wa injini yathu, petulo wathu, ine ndili chete ngati wamasiye ndine.

— Unawauza a Lawrence mmene zikukupwetekera?

— Ndinawauza. Anaseka. Anati ndikuchita nsanje ndi bokosi la asidi. Kenaka anandilalikira za Msamariya, ine ndikutsuka mbale. Ndinawafunsa kuti Msamariya uja ankabwerera kunyumba ya alendo kuja kawiri pa sabata kukamwa tiyi? Anangotuluka panja.

— Amamwa tiyi kumeneko?

— Akuti sangakane, ndi ulemu. Akakwera phiri amachedwa. Akuti amalumikiza mawaya a wayilesi, poti Rebecca amaopa. Mawaya awiri okha, alamu. Jane angalumikize. Pobwera amatsika akung'ung'udza nyimbo za m'makaseti ake, nyimbo zimene kwathu sitiyimba.

— Koma waonapo china choposa pamenepo? Ndikufunsa ngati mkulu wako tsopano.

— Sindinaone.

— Wamva?

— Ndamva zokwanira. Lachiwiri ku msika ndikugulitsa usipa, amayi aja a tomato anandifunsa mokweza ngati batire la NyaManda ladzadza. Mzere wonse unaseka. Wina anati a Lawrence ndi Rebecca anali kalasi imodzi ku Bandawe, ankayenda limodzi popita ku sukulu. Ine zimenezo sindinkazidziwa. Zaka zonsezi m'banja, ndikazimvere pa tomato.

— Kuyenda limodzi ku sukulu si chinkhoswe.

— Nanga anandibisiranji?

— Mwina sanaone ngati ndi nkhani.

— Amuna mumaikirana kumbuyo.

— Sindikuikira kumbuyo munthu. A Lawrence alakwa kukuseka, ndipo alakwa kusiya wayilesi ya mkazi wawo ili chete. Zimenezo ndidzawauza pamaso. Loweruka likubwerali titsika ndi a Ellen, tikhale pansi anayi, tipemphere, tikambirane. Batirelo azikatenga alongo ake a Rebecca. Koma za waya wowononga injini sindinena.

— Loweruka ndi kutali.

— Si kutali. Wapirira miyezi, ungalephere masiku? Halo? Keziah?

— Ndilipo. Dolly amandikodola kuti ndifulumire. Alamu, funso limodzi lokha.

— Funsa.

— Zopanira zija. Chofiira chimapita pa mutu wa batire wolembedwa mtanda, chakuda pa mutu winawo.

— Wakhoza. Tikulemba ntchito kuno ku galaja.

— Nanga munthu atazitembenuza?

— Palibe angatembenuze. A Lawrence ndinawaphunzitsa mpaka anatopa nane.

— Ndikuti atatembenuza. Chofiira pa chakuda, chakuda pa chofiira. Moto umatuluka m'batiremo, eti? M'malo molowa?

— Wakuuza zimenezo ndani?

— Palibe. Ndimangoganiza. Ngati njira iyi ikulowetsa, ndiye njira inayo ikutulutsa. Ngati pompa.

— Keziah, batire si thanki ya madzi. Tandiuza bwinobwino. Ukufunsa za chinthu chimene ukufuna kuchita, kapena chimene wachita?

— Mulungu andikhululukire.

— Wachita.

— Sindinafune kuwononga kanthu, alamu. M'mawa a Lawrence anakatenga batirelo kuphiri, analiika m'boti, analumikiza okha, nkulifunditsa chiguduli chake chija. Atapita kukasoka ukonde ine ndinatsikira kugombe kukatenga beseni langa. Ndinaliona lili pamenepo, lofunditsidwa ngati khanda. Mtima unandiwawa. Ndinakumbuka amayi a tomato aja. Ndinavundukula, ndinasinthanitsa zopanira, ndinafunditsanso.

— Ambuye Yesu.

— Ndimangofuna kuti mawa alinyamule lopanda kanthu. Akwere nalo phiri lonse lija, thukuta lili kamukamu, akalumikize, wayilesi ikhale duu. Achite manyazi pamaso pake. Rebecca aganize kuti injini yathu ndi yachabe, azipita nalo ku boma ngati anthu ena onse. Basi. Ndi zokhazo.

— Pamene unkapanira sipanatuluke moto?

— Ayi. Nchifukwa chake ndinati zili bwino. Koma ndili m'njira ndinayamba kukayika, ndiye ndinati ndifunse.

— Sipanatuluke moto chifukwa swichi inali yozimitsa. Tamvera. Akadzangoitembenuza swichi ija, batire la Rebecca ndi mabatire anu adzalimbana ngati nkhunzi ziwiri m'khola limodzi. Moto wonse udzathamangira mu waya umodzi nthawi imodzi.

— Ndiye chichitika nchiyani?

— Dikira, ndiganize. Ayi, mtima pansi. Mulungu ndi wabwino. Pa waya wa alendowo ndinaikapo fyuzi. Idzangopsa fyuziyo, thii, basi. Batire silitchajika, a Lawrence adzadabwa, adzavundukula, adzaona. Manyazi adzakhala ako, koma palibe adzavulale.

— Fyuzi ndi chiyani?

— Kagalasi kakang'ono, kotalika ngati chala cha Jane, kali ndi kawaya kopyapyala m'kati. Kali m'kabokosi kakuda pafupi ndi swichi.

— Kagalasi kaja.

— Eya.

— Kanapsa kale, alamu.

— Liti?

— Isitala isanafike. Anakafuna kena m'masitolo a pa boma, sanakapeze. Anati adzakuuzani mukadzabwera.

— Ndiye waya wa alendowo ukugwira ntchito bwanji?

— Anaikapo msomali.

— Wati chiyani?

— Msomali. Anaudula ndi sowo kuti ukwane. Anati ukugwira bwino kuposa kagalasiko, sukupsanso.

— Sukupsa chifukwa sungapse. Fyuzi ntchito yake ndi kufa kuti zina zikhale. Msomali sufa, Keziah. Udzapsa ndi waya. Udzafiira ngati waya wa mbaula, chiguduli chija chidzayaka, ndipo batire likhoza kuphulika, asidi kumaso. Petulo amaika pati masiku ano?

— Pansi pa benchi.

— Benchi iti?

— Yomweyo. Pali mthunzi.

— Ndinawauza kuti chigubu chizikhala kutsogolo.

— Anati kutsogolo kumalowa madzi. Alamu, mukundiopseza dala kuti ndilape, eti? Nenani kuti mukundiopseza.

— Ndikanakonda. Swichi amaitembenuza nthawi yanji? Akadali pagombe?

— Ayi. Amachita mmene munawauzira, injini iyambe yakhazikika. Amatembenuza akadutsa miyala ija ya kumapeto kwa Chikale.

— Pakuya paja.

— Eya.

— Amakhala ndi yani m'botimo?

— Ndi Amon, mnyamata wowathandiza uja, ndi achimwene awo a Yakobe. A Yakobe sasambira bwino, mwendo uja.

— Anyamuka nthawi yanji lero?

— Anati akangofika Amon ndi petulo. Anamutuma kuno ku boma.

— Amon wamuona?

— Ndinamuona pa filing'i siteshoni ndikubwera kuno. Anali pamzere ndi chigubu.

— Mzere wautali?

— Anthu atatu kapena anayi. Koma ndiye opareta anandichedwetsa, ndiye ife talankhula. Mayi ine. Dikirani. Dolly, tasuzumira pa siteshoni, Amon alipo? Wa malaya ofiira. Alamu, akuti palibe. Akuti pamzere palibe munthu.

— Ku Chikale kuli lamya?

— Kulibe. Kulibe ngakhale imodzi.

— Galimoto pa ofesipo?

— Yapita ndi abwana. Msewu wakenso ndi wozungulira, wapansi amayamba kufika.

— Ndiye miyendo yako. Amon wasenza chigubu, pokwera paja apumira. Iwe ulibe katundu. Vula nsapato, dzera njira ya m'mphepete.

— Ndikafika ndikachite chiyani? Ndikangobweza zopanira mwakachetechete? Akakhala kuti sanafike kuboti, palibe adziwe.

— Ukapeza palibe munthu, chotsa zopanira zonse ziwiri, usabweze, ungochotsa. Koma ukapeza akukankha boti, kapena ali kale pamadzi, ukuwe.

— Ndikuwe kuti chiyani?

— Kuti asagwire swichi. Kuti zopanira zatembenuzidwa.

— Adzafunsa watembenuza ndani.

— Udzawauza.

— Pagombe pamakhala anthu, alamu. Amayi ogula nsomba, asodzi onse a ku Chikale. Mawa msika wonse udziwa. Ku Umanyano andivula yunifolomu. Ndipo Rebecca adzamva. Adzakhala pakhonde pake paja, adzapukusa mutu, adzati andipempherera. Ameneyo kundipempherera ine.

— Akupempherere. Pemphero silipha.

— Ndiye a Lawrence akakwiya adzapita kuti? Si komweko? Ndawapatsa ndekha chifukwa chokwerera phiri.

— Mwina adzakwera. Sindingakulonjeze kuti sakwera. Koma wokwera phiri amatsika, Keziah. Ukufuna mwamuna woti ukangane naye mawa, kapena ukufuna ukakhale benchi limodzi ndi Rebecca, nonse mutavala zakuda?

— Musanene choncho.

— Ndiye ukuchitanji pa lamya?

— Chofiira ndi chakuda, ndichotse zonse.

— Zonse. Ndipo msomaliwo auzule lero lomwe, fyuzi ndibweretsa Loweruka. Ukafika, zikatha, upeze njira undiyimbire, ndikhala pano pa galaja mpaka ndimve. A Ellen ndiwauza ayambe kupemphera.

— Musawauze zonse.

— Thamanga, mwana iwe.

— Dolly, gwira nsapatozi. Gwira, ndati. Yewo, alamu, ndapita, ndapi—

— Halo? Keziah? Wasiya lamya ili lende, ndikumva chitseko. Dolly? Palibe. Chabwino. Ambuye, Inu munaimitsa dzuwa kuti Yoswa amalize ntchito yake. Ine sindikupempha dzuwa. Ndikupempha Amon yekha. Mumukumanitse ndi munthu wolongolola panjira, amufunse za kwawo, za amayi ake, za mbuzi, imodziimodzi. Halo, opareta? Ayi, musadule. Isiyeni choncho.